Bondo la Mphenzi

Bambo ake a Mphenzi analowa m'chipinda cha fiziyo cha kuchipatala osagogoda, mwana wawo akuwatsata ngati mbuzi yopita kumsika. Mtsikanayo anali katswiri wa mpira wamanja kusukulu kwawo, mpaka tsiku lomwe mtsempha wa m'bondo lake lakumanja unaduka. Opaleshoni inachitika, miyezi inadutsa, ndipo Loweruka lotsatira akuluakulu a timu ina yotchuka amabwera kudzasankha osewera. Chotsala chinali chilolezo cha mayi wa fiziyo, yemwe amalimbitsa bondolo. Mayiyo anali atakana kwamtuwagalu.

Bambowo anafika atalusa kale. Anati mayiyo ndi waulesi, wansanje, ndipo mpira sanaugwirepo chibadwire. Odwala ena omwe amapalasa njinga zosayenda zolimbitsira thupi anasiya kupalasa n'kutchera khutu. Koma naye mayiyo sanali woti n'kumuponda chala. Anawauza kuti muno si m'bwalo la mpira, akafuna kukuwa khomo ndi ilo.

"Muyezeni ine ndikuona," anatero bambowo.

Mayiyo anamugoneka Mphenzi pabedi n'kukoka bondo lakumanja uku ndi uku. Linali gwa. Anamuimika ndi mwendo womwewo n'kumuuza kuti adumphe. Mtsikanayo anadumpha, n'kutera bwinobwino osadzandira.

Bambowo anaseka chikhakhali. Anadziguguda pachifuwa kuti ntchito yomwe achipatala amaichita mwachidodo anaimaliza okha. M'mawa uliwonse amamudumphitsa mwanayo kuchokera pakhonde lalitali la kunyumba kwawo, thumba la mchenga lili kumsana, alire asalire. Mphenzi anangozyolika. Amamvetsa chisoni kumuona.

"Ndiye lachira kapena silinachire?" anafunsa bambowo.

"Lachira," anayankha mayiyo. "Zimenezo sindinatsutsepo."

"Nanga mukukaniranji?"

Mayiyo anasendera pafupi ndi mtsikanayo n'kutambasula manja. "Aonetse wekha, mwanawe. Ima ndi mwendo winawo."

Mphenzi anazengereza, kenako ananyamula mwendo wakumanja. Bondo lakumanzere, lomwe mpeni wa dokotala sunalikhudzepo, linagwedera n'kupindika, ndipo iye anagwera m'manja mwa mayiyo.

"Podumpha amatera ndi ili, kuteteza lochitidwa opaleshonilo," anatero mayiyo. "Mtsempha wa lakumanzereli unadukira pakhonde panupo, bambo. Kukuuzani amaopa."