Apongozi a M'sewero

Ankasita malaya pamene mwamuna wake analowa.

"Amayi amvera sewero lako lija pa wailesi. Lonse."

Mkaziyo anasiya kusita. Pamene ankalemba seweroli, wotsogolera masewero anamulangiza kuti munthu woipa asamachite kumupeka, azimutenga pa anthu enieni. Iye anatenga apongozi ake: kutsukanso mbale zotsukatsuka, kutsonya mkazi wa mwana wawo akamadutsa. Zoti amamufunditsira madzi osamba m'mawa uliwonse, sanalembe.

Anapemphera chamumtima n'kulowa kuchipinda kwa apongoziwo. Anawapeza atakhala pabedi, wailesi yozimitsa ili pamiyendo.

"Mayi wa m'sewero ujatu ndinamuda," anatero osadzutsa mutu. "Kenako ndinamva akutsonya ngati ine."

Iye anagwada.

"Dzukani, mwana wanga. Mundikhululukire."