Nyemba Zopanda Mchere

Florência analawa nyemba zimene mlamu wake Telma anaphika, nalavulira pansi.

"Mulibe mchere. Alamu, mkazi amaopa kuthira mchere m'ndiwo akakhala kuti wayenda ndi mwamuna wina. Ndi ndani ameneyo? Mdulo uwu, mlongo wanga mwamudula!"

Baxter, mwamuna wa Telma, anali pamphasa atatambasula mwendo wakumanzere. Phazi linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo chala chachikulu chinali chitayamba kuda. Masiku ano akati apite kudimba ankaima katatu panjira, katumba atamugwira.

Telma sanazolike.

"Kuchipatala ku Chifunde anatiuza kuti mitsempha ya magazi m'mwendomu ikutsekeka. Mchere achepetse, mafuta a nkhumba asiye, fodya ataye. Azidya nyemba, masamba otendera, zipatso. Munalipo inu?"

"Makolo athu ankadya mchere, miyendo ali nayo."

Telma anatenga chitini cha mchere, nachiika m'manja mwa Florência.

"Thirani. Oyera ndinu, thirani. Koma tsiku limene adzanene kuti mwendowu audule, mudzawabereke ndinu mpaka ku Tete. Ine mbiri ya uhule ndiisenza. Siilemera ngati mwamuna wa mwendo umodzi."

Florência anaima chilili, chitini chili m'manja.

Baxter anakokera mbale ya nyemba zija pafupi. Anadya nyemba zonse, nanyambita zala, kenako anapereka mbale kwa mkazi wake.

"Amake Nélio, ndiwonjezereni. Zomwezi."