Mzere Wopanda Nambala

Miyendo yangayi inandifikitsa ku Madzimoyo mayi Zelipa atagwira mlangizi wa zaulimi pakolala.

"Iwe Shepherd, wazula mapira a ndani?"

Mundawo unali wa mayiwo, koma anaubwereketsa kwa akatswiri oyesa mitundu ya mapira. Mzere uliwonse unali ndi chikwangwani chake. Wa kumalire unalibe, ndiye Shepherd anauzula wonse n'kuponyera mbuzi.

"Amayi, analibe nambala. Akanasakanikirana ndi athu pokolola."

"Nambala! Mapira ofiira aja ndinachoka nawo kwathu ku Tamanda m'kansalu, tsiku la ukwati wanga. Chaka chatha anankafumbwe anandisiyira ongodzaza dzanja, ndipo ndinadzala onse. Taona oyera akowo, mpheta zawamaliza! Anga mbalame sizinkawayandikira n'komwe."

Bwana wa Shepherd, amene ankangolemba m'kabuku, anatukula mutu.

"Mbalame siziwadya? Mayi, mtundu umenewo taufunafuna zaka zitatu. Mwatsalako ndi mbewu ina?"

Mayi Zelipa anamutaya Shepherd, n'kuloza mbuzi yomwe inkatafuna ngala yomaliza, yosakhwima.

"Kafunseni iyo. Muipatsenso nambala."