Njuchi Aphunzitsa Kachitsulo Ntchito

Padangokhalatu, kutali uko ku Holande, kumene alimi amalima matimati m'nyumba zagalasi. M'nyumba ina yotere munkagwira ntchito Mleme ndi Njuchi. Mleme ankadya agulugufe obweretsa mbozi, pomwe Njuchi ankayendera maluwa kuti matimati abereke.

Tsiku lina mlimi anabwera ndi kachitsulo kouluka kokha, kochepa ngati chikhatho. Kanangoti vuu, gulugufe pansi khu! Mleme anagwira pakamwa.

"Achimwene, mwaziona zimenezi? Nanga ine ndizidya chiyani?"

Njuchi anaseka chikhakhali. "Mumangogona tsiku lonse chozondoka, mumati zitha bwanji? Yangayi ndi ntchito yaluso, chitsulo sichingaithe."

Pofuna kuti Mleme amve kuwawa, Njuchi anapita patsogolo pa kamera yomwe mlimi anaipachika kudenga, n'kuyamba kudzionetsera. Ankatera paduwa, kuligwira, kuligwedeza ndi mapiko, n'kubwerezanso pang'onopang'ono kuti aliyense aone bwino.

Kamera ija inaonadi bwino.

Matimati ena atachita maluwa, Njuchi analawirira kuntchito. Anangoti kakasi. Paduwa lililonse panali kachitsulo kakuligwedeza ndendende mmene ankachitira iye, mpaka kapendekedwe ka mutu komwe.

"Mayo ine! Watiphunzitsa ndani timeneti?"

Mleme, yemwe anali pakhomo katundu ali kumutu, anacheuka.

"Aphunzitsi, nyamulani wanu tizipita. Njira ndi yomweyi."

Yathera pompa, kaphuleni mbatata zanu.