Mzere Patsamba Lachitatu

Kalipentala anali atakhala tsonga pabedi, mapepala ali m'manja. Kwa iye nkhani inali yachidule: anagwa padenga dzulo, namenyetsa mutu, ndipo lero dokotala wafika kale ndi za kafukufuku. Ankafuna kumuika kachipangizo mu ubongo, komwe kayesedwa pa anthu owerengeka. Kakhoza kuchiza. Kakhozanso kumusiya munthu wosalankhula.

Chipindacho chinali ndi zenera losatseguka ndi chitseko chodzitseka chokha. Mkazi wake anakhala pampando wa pakona. Ndevu zinkamuyabwa kalipentala, zachilendo kwa munthu wometa m'mawa uliwonse.

Koma mkuluyu sankagula thabwa asanaligogode. Anawerenga tsamba ndi tsamba, milomo ikugwedera, uku akuluma cholembera chomwe chinali kale ndi zipsera za mano a munthu wina wopanda khalidwe. Patsamba lachitatu anapeza mzere wonenepa, wowongoka bwino, pansi pa mawu akuti imfa. Wina wanzeru anadutsapo apa, anaganiza motero.

Mantha anamugwira. Anayang'ana chitseko chija, kenako dokotala.

"Mukakana palibe angakukakamizeni, bambo," anatero dokotala ndi mawu otopa. "Mutu ndi wanu."

"Ndiye ndakana. Mutu wanga si thabwa loyeserapo misomali."

Dokotala anagwedeza mutu nthabwala isanathe n'komwe, zomwe zinamunyansa kalipentala pang'ono. Komabe mtima unakhala pansi. Anali atawaonetsa kuti ngakhale ali chigonere, mwini thupi ndi iye. Mawa atuluka, akamalize denga lija mvula isanabwere.

"Mwayankha bwino, abambo," anatero mkazi wake, namukonzera pilo. Kalipentala anatembenukira kuzenera akumwetulira.

Pachitseko mayiyo anagwira dokotala mkono.

"Mawa mubwerenso, adokotala," ananong'ona.

"Mayi, lero ndi tsiku la makumi atatu akukana. Amaiwala zonse, koma yankho silisintha."

"Ndatopa kuwauza m'mawa uliwonse kuti denga lija analimaliza ena. Angovomera kamodzi. Kamodzi kokha n'kokwanira, si choncho?"

Dokotala anayang'ana pansi. Kubedi kuja kalipentala anatembenuka, naona munthu wovala zoyera atanyamula mapepala.

"Amayi, alendowa ndani? Apatseni mpando. Abwera ndi chiyani?"