Fayilo Yosowa pa Laputopu Yobwereka

Mawu ofiira anabweranso pa sikirini: fayilo ya SDL.h siyikupezeka.

Isabella sanatembenuke. Bambo ake, a Gondwe, mkulu wa mpingo ku Khondowe, anali ataima kumbuyo kwake, kudikira kuona gemu ya pakompyuta imene mwana wawo anasiyira uphunzitsi.

"Ndiye ili kuti?"

"Laputopu yanga ija inafa, adada. Iyi ndabwereka. Ndiyambe ndaikamo laibulale, mafayilo othandiza kupanga magemu."

Isabella anafufuza m'mafoda. Fayiloyo inalimo ndithu, koma kompyuta inkaifuna kwina. Anailozera njira n'kuyesanso. Mawu aja anachoka, m'malo mwake n'kubwera ena ambirimbiri: pulogalamu yake inkakanika kulumikizana ndi laibulaleyo.

"Ahedi a kusukulu kuja akukusungira malo a ntchito mpaka lero basi," anatero a Gondwe modekha. "Ndinachita kuwagwadira."

Isabella anaponya maso kukhomo. Amayi ake anali ataima pomwepo, manja m'chiuno, atatchinga kuwala konse.

Isabella anawerenganso mzere wa malamulo umene analemba pa kompyutapo. Dzina la laibulale anali ataliika kutsogolo, chonsecho limayenera kutsatira dzina la pulogalamu. Analisuntha n'kudina batani.

Sikirini inada bii. Kenaka panatulukira kabokosi koyera, kakukwawa pang'onopang'ono kulowera kumanja.

"Yatheka, adada! Yatheka!"

A Gondwe anavala magalasi n'kuwerama. Anakatsatira ndi maso kabokosiko mpaka kanakagunda m'mphepete n'kuima.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "ndi chimenechi basi?"