Bakha ndi Nkhuku pa Chimtali

Amene mukuti ine sindidziwa nthano, khalani pansi mumve kaye, mutsutse ndikamaliza.

Padangotero, kalekalelo, Nkhanga pokwatitsa mwana wake analonjeza lichero la mapira kwa mayi amene avine chimtali osatuluka m'bwalo mpaka ng'oma italeka. Analowa awiri, Bakha ndi Nkhuku.

Bakha atangoponya mwendo kawiri, Khwangwala anakuwa ali pamtengo: "Taonani mayi awa! Akuvina kapena akupondaponda dothi la njerwa?"

Mbalame zonse zinafa nako kuseka. Bakha anamva ndithu, ndipo mumtima munawawa, koma anangokutumula nthenga n'kupitiriza.

"Nanga enawo, timiyendo ngati tizitsotso!" anakuwanso Khwangwala akuloza Nkhuku.

Nkhuku anaima. "Mwati chiyani, achimwene? Tabwerezani!"

"Asiyeni, anzanga," ananong'ona Bakha akudutsa. "Mawu a m'mbali mwa bwalo ndi mvula. Ine ndimadzola mafuta m'nthengamu m'mawa uliwonse, ikagwa imangotsetsereka."

"Inu mulibe manyazi," anatero Nkhuku, n'kutuluka kukamuyankha Khwangwala. Asanamalize, Njiwa anaseka khosi la Nkhuku lopanda nthenga, iye n'kuyamba kuthamangitsa Njiwayo.

Ng'oma italeka, Nkhuku anali kuseri kwa nkhokwe akulongololabe, mawu atasasa. Ataona Bakha akubwera chinyachinya atasenza lichero, anafunsa mwaukali: "Ndiye mwapindulanji pololera kunyozedwa chonchija?"

"Ine?" anatero Bakha, akutula katundu wake. "Mapira lichero lodzaza, chitenje chatsopano kuchokera kwa apongozi a Nkhanga, ndiponso andiitana kukavina maukwati awiri mwezi wamawa."